Fowilo ya Hilux yasiya kugwira: momwe ntchito ikuyendera kuno ku Kasungu

6 Januwale

Galimoto yake ndi Hilux ya dabolo kebu ya m'zaka za m'ma 1990, injini ya dizilo ya 2.8 ija amakaniko amangoti 3L. Inalowa m'dziko muno kalekale kuchokera ku Japan, ndipo isanafike m'manja mwanga m'chilimwe chapitachi inali itadutsa kwa anthu angapo. Ntchito yake ndi kututa feteleza, mbewu ndi aganyu kuchoka pa boma kupita kumunda cha ku Chamama. Mwezi uno ndiye umene imafunika kwambiri, chimanga chikudikira feteleza wobereketsa, fodya naye tatsala pang'ono kuyamba kuthyola.

Vuto ndi ili. Ndikakankha kagiya kakang'ono kuchoka pa H2 (kukoka ndi matayala akumbuyo okha) kupita pa H4 (fowilo, kukoka ndi onse anayi) kamalowa bwinobwino, nyale yobiriwira ya 4WD pa dashibodi imayaka, koma matayala akutsogolo sakoka. Dzulo padambo la kufupi ndi munda akumbuyo anakumba mpaka difu, chibokosi cha magiya chogawira mphamvu ku matayala awiri, kukhala pansi, akutsogolo ali duu. Pa L4, fowilo ya giya yotsika, chimodzimodzi. Tinatuluka ndi ng'ombe za ngolo, titatsitsa matumba onse.

Aliyense amene anaima pamenepo anali ndi chigamulo chake, ndipo ambiri ankati difu yakutsogolo yatha. Alamu anga, amene anayendetsapo Land Cruiser ya pa esiteti ya fodya, anazungulira galimoto kufunafuna ma hub, maloko a pakati pa matayala akutsogolo, oti akhome, n'kupeza pakati pa matayala pali tizivundikiro chabe.

"Alamu, fowilo yanuyi ndi ya dzina lokha. Maloko ali kuti?"

Maloko palibe chifukwa mtundu uwu anaupanga kuti dalaivala asamatsike. A Toyota amautcha ADD. Matayala akutsogolo ndi omangiriridwa ku mashafiti awo nthawi zonse, koma shafiti ya kumanzere anaigawa pawiri mkati mwa chipaipi cha difu. Pamalo pogawikapo pali mphete ya chitsulo ya mano mkati, imene amakaniko amati sleeve. Ikatsetsereka n'kugwira mbali zonse ziwiri, shafiti imakhala imodzi. Ikabwerera, tayala la kumanzere limazungulira palokha. Choikankha ndi foloko, ndipo folokoyo imakokedwa ndi vacuum, mphamvu yoyamwa mpweya, kudzera m'kachitini kotchedwa actuator, komangidwa pa difu pomwepo.

Ndiye kuchokera pa dzanja langa pa kagiya kukafika pa tayala m'matope, zinthu zoti n'kufa zilipo zambiri: transfer (bokosi la magiya logawa mphamvu kutsogolo ndi kumbuyo), switchi, mawaya, mavalavu, timapaipi ta mpira, actuator, foloko, sleeve, ma CV (majoini a pa mashafiti opita ku matayala akutsogolo). Difu ndi chimodzi chabe mwa zimenezi, komanso ndiye chodula kuposa zonse. Sindigula difu ndisanaone ndi maso anga kuti yafadi.

8 Januwale

Galimoto ili kugalaja pa boma. Amakaniko anga ndi bambo wachikulire, wosathamangira kumasula zinthu, n'chifukwa chake ndimapita kwa iwo ngakhale mzere wa maminibasi umakhala wautali.

Tinatchinga matayala akumbuyo ndi miyala, handibuleki m'mwamba, n'kukweza kutsogolo konse. Pansi pa chasisi tinaikapo zitsa ziwiri zikuluzikulu. Nyengo ino dothi lanyowa, jeke imamira pang'onopang'ono munthu osazindikira, choncho pansi pa galimoto yodalira jeke yokha salowapo.

Tinayamba ndi transfer, injini ili yozima. Kagiya kali pa H2, propela yakutsogolo, shafiti yochoka ku transfer kupita ku difu, imazungulira ndi dzanja limodzi. Titakaika pa H4, propela ija inakana. Ndiye kuti transfer yailumikiza ku propela yakumbuyo, imene yagwidwa ndi matayala ali pansiwo. Mtima unakhalako pansi, chifukwa kutsitsa transfer si ntchito ya tsiku limodzi.

Kenako tinaliza injini, popeza vacuum siipezeka injini ili yozima. Giya yaikulu pa nyutilo, kagiya pa H4, nyale yobiriwira yayaka. Amakaniko anagwira tayala la kumanzere n'kulizungulitsa. Linayenda mopepuka, mpaka kupitiriza lokha atalisiya.

"Bwana, tayang'anani la kumanjalo."

La kumanja linali zii. Zinthu zikanakhala bwino, propela itagwidwa chonchi, kuzungulitsa tayala limodzi kupita kutsogolo kukanachititsa linalo kuzungulira chobwerera m'mbuyo. Umo ndi momwe difu imachitira. Titazungulitsa la kumanja linalemerako, ndipo mkati mwa difu munkamveka timagiya tikuyenda, koma la kumanzere silinayankhe. Ndinagwada kuyang'ana shafiti ya CV ya kumanzere: ikuzungulira limodzi ndi tayala mpaka pa joini ya mkati. Choncho mano a pa hub sanadyeke, CV siinaduke. Mpata uli mkati mwa chipaipi, pamene pali sleeve.

Apa ndi pamene alamu anga anatsutsa, ndipo funso lawo linali lanzeru. Ngati kumanzere kokha ndiko kwamasuka, bwanji la kumanja silinakoke padambo paja? Yankho lili m'chikhalidwe cha difu yopanda loko. Imagawa mphamvu mofanana mbali zonse ziwiri, ndipo mbali imodzi ikakhala yopanda cholimbana nacho, inayo imalandira zochepa zomwezo. Propela imazungulira, difu imazungulira, koma zonse zimathera pa kachidutswa ka shafiti kongozungulira pachabe mkati mwa chipaipi. Tayala la kumanja, lolemedwa ndi injini ndi matope, silimva kanthu. N'chifukwa chake kudula mbali imodzi kumakwanira kumasula kutsogolo konse pamene ukuyenda pa H2, ndipo n'chifukwa chomwecho kamphete kamodzi kakakana kusuntha umakhala ndi galimoto yokoka ndi kumbuyo kokha.

9 Januwale

Nyale ija inandisowetsa mtendere usiku wonse. Ngati sleeve sikulowa, ikuyakiranji? Pa actuator pali kaswitchi kamene foloko imakadina ikafika kumapeto, ndipo momwe tawatsatira mawaya a galimotoyi, nyale siyenera kuyaka kaswitchi kameneka kasanavomere.

Mnyamata wa pagalaja analowa pansi ndi tochi ya foni, n'kutuluka akuseka. Pulagi ya kaswitchi inadulidwa. Mawaya awiriwo anawapota pamodzi n'kuwakulunga ndi tepi yakuda, tepiyo inachita kuuma ndi ukalamba. Ndiye kuti zaka zonsezi nyale imamvera kagiya basi, za ku difu siimazidziwa. Amene anachita izi anakonza nyale, galimoto n'kuisiya momwemo. Kaya ankafuna kugulitsa, kaya kaswitchi kanafa n'kuona kuti bola nyale izioneka, zimenezo adziwa yekha. Inu amene mumagula 4x4 yakale mu Ogasiti misewu ili gwa, nyale yobiriwira musaitenge ngati umboni. Pemphani jeke, kwezani kutsogolo, zungulitsani tayala.

Masana tinatsata vacuum. Injini ya petulo imapanga vacuum yokha pokoka mpweya, koma ya dizilo ngati iyi ayi. Pa 3L pali kapampu kumbuyo kwa alternator, ndipo ndi komweko kamene kamapeputsa mabuleki. Mabuleki a galimotoyi ndi ofewa bwino, kotero pampu tinaichotsa pa mndandanda wa oganiziridwa. Kuchoka pa paipi yaikulu pali kapaipi kodutsa pa valavu yolola mpweya kupita mbali imodzi yokha, kukafika m'kathanki kosungira vacuum, kenako ku mavalavu awiri a magetsi m'boneti, amene m'mabuku amawalemba kuti VSV. Valavu iliyonse ili ndi kapaipi kake kotsikira ku actuator. Kamodzi kamakokera foloko ku fowilo, kena kamaibweza. Kamodzi kakamakoka, kanzake kamalowetsa mpweya.

Choyezera chathu chinali chala. Injini ikulira, kagiya pa H2, valavu yobweza inayamwa chala mwamphamvu. Titakankhira pa H4 inasiya kuyamwa, koma inzake sinayambe. Kusiya kuyamwako kunatiuza zambiri: fyuzi ndi yamoyo, switchi ya pa transfer ikutumiza uthenga, ndipo uthengawo ukufika m'boneti. Amakaniko anatulutsa kamita kawo. Pa pulagi ya valavu yosayamwayo magetsi a mavoti 12 akufika. Titayeza koilo yake, kamita sikanasonyeze kanthu, pamene valavu yabwino ija inawerenga cha m'ma ohm 40. Koilo inapsa.

Tikanaimira pomwepo, koma amakaniko anati titsate kapaipi mpaka pansi. Kufupi ndi actuator kapaipi ka mbali ya fowilo kanali kodyedwa ndi makoswe, kakulendewera, kukamwa kwake kutadzaza matope ouma. Galimotoyi imagona pafupi ndi chipinda cha chimanga, ndipo n'kutheka kuti kwa eni ake akale inkagonanso malo otero.

Zolakwika ziwiri tsopano. Kuti tione ngati ndi zokhazo, tinatenga paipi yatsopano kuchoka pa valavu yabwino ija n'kuilumikiza mwachindunji ku mbali ya fowilo ya actuator. Vacuum yonse ya pampu ikukoka, tayala tikulizungulitsa pang'onopang'ono kuti mano akumane. Palibe chinasuntha. Chachitatu chilipo.

11 Januwale

Lero tatsegula.

Tisanamasule tinafuna kudziwa ngati kampira ka mkati mwa actuator kanang'ambika. Pampu ya pamanja yoyezera vacuum pagalaja palibe, ndiye ndinabwera ndi sirinji yaikulu ya mankhwala a ng'ombe. Tinailumikiza pa kamlomo ka actuator n'kukoka. Inalimba, ndipo titaisiya inabwerera yokha. Kampira kobooka sikangachite zimenezo, sirinji ikanangotseguka osalimbana ndi kanthu. Choncho kampira ndi kamoyo, chokanirira ndi chitsulo.

Actuator simungaichotse oyilo ali mkati. Amakaniko anayamba ndi kumasula bawuti yothirira ya pamwamba asanakhudze yokhetsera ya pansi. Akuti anaonapo anthu atakhetsa oyilo yense, kenako n'kupeza bawuti ya pamwamba inadyeka mutu, galimoto n'kukhala pa zitsa sabata yathunthu.

Oyilo anatuluka wotuwa ngati tiyi wothira mkaka. Ndi madzi amenewo. Pamwamba pa difu pali kabowo kopumira, ndipo ka galimotoyi kanali komatika ndi dothi. Difu yotentha ikalowa m'madzi ozizira, mpweya wa mkati umanyala. Kabowo kakatsekeka, difu imakoka kudzera m'ma seal, timipira totseka kuti oyilo asatuluke, ndipo ngati ma seal ali pansi pa madzi imakoka madziwo. Mitsinje ing'onoing'ono yopanda milatho ya kumunda kuja ndi yokwanira kuchita zimenezi.

Chimene ndinkaopa chinali pa bawuti yokhetsera, chifukwa ili ndi maginito. Panali phala lakuda losalala, lopanda tizidutswa ta chitsulo. Ndinalipaka pa chala kufuna tolasa, sindinapeze. Difu yosweka mano imasiya zizindikiro pamenepo.

Mabawuti a actuator anatuluka mosavuta. Foloko inali yogwira dzimbiri pa kamtengo kake, itaumira mbali ya H2. Ndi manja siinasunthe. Titaigogoda ndi chogwirira cha hamala inayenda pang'ono n'kuimanso. Madzi anaipeza mbali zonse, a mu oyilo kuchokera mkati, a matope kuchokera pa kapaipi kodyedwa kaja. Kaswitchi kake nako n'kakufa, kamita kanatsimikiza.

Kenako amakaniko anachita chinthu chimene ndakhala ndikuchidikira. Analowetsa sikuludalaiva pabowo pamene panali actuator, n'kukankha sleeve uku mnyamata akuzungulitsa tayala pang'ono. Inati tcha, n'kulowa. Kagiya pa H4, anazungulitsa la kumanzere kupita kutsogolo, la kumanja n'kuyamba kubwerera m'mbuyo.

"Difu yanu ilibe mlandu, bwana."

Mano a sleeve ndinawaunika ndi tochi. M'mphepete mwake mwabunthako pang'ono koma ndi athunthu. Alamu anga ndinawaimbira foni nthawi yomweyo, ndipo anangoti, "Chabwino, koma maloko ndi maloko."

12 Januwale

Sitinagwire sipanala lero, tinangokambirana, chifukwa njira zilipo ziwiri.

Alamu akuti tichotse zonse za vacuum. Sleeve tiikankhire pa fowilo n'kuitsekera pomwepo kuti isabwererenso, kenako pa matayala tichotse tizivundikiro tija n'kuikapo ma hub a pamanja a Aisin, aja olembedwa FREE ndi LOCK. Anthu ambiri amachitadi zimenezi pa ma Hilux a mtundu uwu, ndipo zimagwira. Makoswe sadya hub. Palibe valavu yoti ipse. Ndiponso ma hub akakhala pa FREE, ma CV amapuma, pamene pa ADD amazungulira ulendo wonse ngakhale uli pa tala.

Mfundo zawo sindikuzikana, ndipo galimotoyi ikadzakhalabe yanga zaka zikubwerazi mwina ndidzapita komweko. Koma pakali pano ndasankha kubwezeretsa momwe inalili. Ma hub enieni a Aisin awiri ndi ndalama yoti mwezi wa feteleza uno ndilibe, ndipo ongofanizira otchipa aja ndinawaonapo atasweka pa katundu. Chachiwiri, galimotoyi sindiyendetsa ndekha. Mayi a kunyumba amaitenga, mphwanga amaitenga. Munthu wosazolowera amakumbukira za ma hub atatitimira kale, matope ali m'mawondo, kapena amakhoma imodzi n'kuiwala inzake, zimene n'chimodzimodzi ndi kusakhoma.

Panabweranso wina wowotcherera zitsulo wa pafupi ndi galaja, akuti angoiwotcherera sleeve basi, ma hub osagula. Galimoto ikhoza kuyenda ndithu, koma ndiye kuti difu ndi propela yakutsogolo zizizungulira tsiku lililonse popanda ntchito, dizilo wake wa masiku anoyu. Komanso chowotcherera sichimasulika. Ndinawathokoza.

14 Januwale

Ku Lilongwe pa minibasi, actuator yakufa ndi valavu yopsa zili m'chikwama. Pano pa Kasungu zitsulo za 3L monga mafyuluta, malamba ndi mabuleki sizisowa, koma za ADD ndinazungulira mashopu osapeza. Njira ndi M1 yomweyi, Chinkhoma, Madisi, Mponela, Lumbadzi, kenako ku Biwi kumene kuli ogulitsa zitsulo zochotsa m'galimoto zakufa.

Kunyamula chitsulo chakale kunandithandiza. Ukangonena kuti "actuator ya Hilux", choyamba kukutulutsira ndi ya Vigo, mtundu uja unayamba cha mu 2005. Imeneyo ndi ya mota ya magetsi, ili ndi pulagi yaikulu, timilomo ta mapaipi ilibe, ndipo pa difu yanga singakwane. Ntchito yake ndi yomweyo, kukankha sleeve, koma kayendetsedwe kake n'kosiyana kotheratu.

Malo awiri anandiuza kuti actuator payokha sagulitsa, nditenge difu yonse. Ngakhale ndikanakhala ndi ndalamazo, difu sagula pongoona kuti mabawuti akufanana. Ma Hilux a zaka zimenezi anatuluka ndi magiya a difu osiyanasiyana, ena 4.3, ena 4.556, ena 4.875, ndipo yakutsogolo iyenera kufanana ndi yakumbuyo. Zikasiyana, ukalowetsa fowilo matayala akutsogolo ndi akumbuyo amafuna kuthamanga liwiro losiyana, ndipo chimene chimalipira ndi transfer. Chizindikiro cha magiyawo chimalembedwa pa kachitsulo ka nambala za galimoto m'boneti, ndipo ogulitsa ambiri sakufunsa n'komwe.

Madzulo ndithu ndi pamene ndinapeza mnyamata wina amene anali ndi difu yosweka chigoba, actuator ili pomwepo. Ndinamupempha aimasule ndione. Ndinapukuta kamlomo kamodzi n'kuyamwa ndi pakamwa, foloko inayenda. Kamlomo kena, inabwerera. Nditatseka ndi lilime inagwira osataya. Anthu anaseka, koma ndi mayeso okhawo amene ndikanatha kuchita pamenepo. Kaswitchi kake kanalipo, pamodzi ndi pulagi ndi kachidutswa ka waya. Valavu tinaiyesa pa batire: inalira kuti tcha, ndipo mpweya wouzira unasintha potulukira.

Ndinagulanso oyilo wa 75W-90 GL-5, umene buku la galimotoyi limanena pa difu ya ADD, ndi paipi ya vacuum ya mamita angapo. Kwathu kuno wopezeka paliponse ndi wolemera uja wa 85W-140. M'difu ya lole ndi wabwino, koma muno sleeve iyenera kutsetsereka m'oyilo yemweyo, ndipo m'mawa wa mu Juni ku Kasungu oyilo wolemera amakhala ngati sakufuna kuyenda.

15 Januwale

Tsiku la Chilembwe, galaja yotseka.

17 Januwale

Zonse zabwerera m'malo. Tinatsuka kaye difu ndi oyilo wotchipa, kuzungulitsa matayala ndi manja, n'kukhetsanso mpaka utoto wotuwa utatha. Pomanga actuator chofunika ndi chakuti foloko ikhale mu mpata wake wa pa sleeve. Ikaphonya, mabawuti amamangika bwinobwino koma palibe chimene chimakankhidwa. Amakaniko anaika zonse ziwiri mbali ya H2 asanalowetse, anapaka silikoni wochepa m'mphepete, n'kuyesa ndi pakamwa asanathire oyilo. Oyiloyo analowa pafupifupi malita 2, mpaka kuyamba kutuluka pa bowo lothirira.

Timapaipi tonse ta mpira tasintha, kuchokera pa kathanki mpaka pansi, ngakhale tooneka tabwino. Tinkachotsa kamodzi n'kuika kamodzi kuti tisasokoneze, chifukwa mukatembenuza awiri otsikira ku actuator, galimoto imalumikiza kutsogolo pa H2 n'kumasula pa H4. Mawaya opota aja tawamasula n'kuwotcherera pulagi yake. Kabowo kopumira takatsegula, n'kulumikizapo paipi yokwera mpaka m'boneti, kumapeto kwake kafyuluta ka petulo ka njinga yamoto.

Pa zitsa zayenda. H4, kaphokoso ka mpweya, tcha, nyale. H2, nyale kuzima, tayala la kumanzere kumasuka.

19 Januwale

Mayeso a pamsewu, ndili ndi alamu. Tinatenga msewu wa fumbi, mvula itagwa usiku.

Nditakankha kagiya galimoto itaima, nyale sinayake. Alamu anayamba kale kupukusa mutu. Nditangosuntha pang'ono inayaka. Umu ndi momwe iyenera kuchitira. Mano a sleeve ndi a shafiti sakhala atayang'anizana nthawi zonse, ndiye vacuum imangokanikiza n'kudikira mpaka tayala litazungulira pang'ono. Nyale yoyaka nthawi yomweyo ulendo uliwonse, ngati momwe inkachitira kale, ndiyo yokayikitsa. Phunziro lake pa kayendetsedwe ndi lakuti fowilo ilowetsedwe matope asanafike, galimoto ikuyenda mowongoka. Ukailowetsa akumbuyo akupalasa kale, akutsogolo ataima, ukugundanitsa mano, ndipo ndikuganiza kuti kubuntha kwa pa sleeve kuja kunachokera kumeneko.

Pa chitunda choterera cha dothi lofiira inakwera osagwedeza mchira. Ndinatsika, alamu n'kuyendetsa, kuti ndione ndekha. Matayala akutsogolo akuponya matope. Pa L4, titaima kaye n'kuponda kilatchi, chimodzimodzi.

Koma fowilo yamoyo yadzutsa zina zimene zinali kugona. Titafika pouma, kagiya kanakana kubwerera pa H2. Ndinachita kubweza galimoto m'mbuyo mamita angapo, n'kumasuka ndi kugunda. Transfer ya galimotoyi ilibe difu ya pakati, imamanga propela ziwirizo kuti zizizungulira mofanana ndendende. Pa matope matayala amaterereka pang'ono n'kutaya kusiyana kulikonse, koma pouma kusiyanako kumaunjikana m'zitsulo. N'chifukwa chake H4 sayendera pa tala. Komabe apa tinayenda pouma pang'ono chabe, ndipo kumangika kwake kunali kwakukulu. Ndinagwada kuwerenga matayala. Akutsogolo ndi 205R16, akumbuyo 215/80R16. Pamaso amaoneka ofanana. Titawazunguliza chingwe, akumbuyo anaposa ndi masentimita pafupifupi 5. Tayala lotere limazungulira maulendo oposa 400 pa kilomita imodzi, ndiye kuti pa kilomita iliyonse kumbuyo kukufuna kupitirira kutsogolo ndi mamita okwana 20. Nthawi yonse imene kutsogolo kunali komasuka, zimenezi sizinkavuta aliyense.

Chachiwiri, pokhota kwambiri tili pa H4, kumanja kukumveka ka-ka-ka. Pa H2 kulibe. CV ya kunja ya mbali imeneyo mpira wake unang'ambika m'khwinya, girizi anatuluka, mchenga unalowa. Inkazungulira yopanda katundu n'kukhala chete. Tsopano yasenza, yayamba kudandaula.

Alamu sananene kuti fowilo ndi ya dzina lokha. Anangofunsa mtengo wa CV.

22 Januwale

Oyilo ndamuyang'ananso pa bowo lothirira titadutsa m'madzi kangapo, akadali woyera. Pa actuator sipakudontha. Galimoto tsopano ikugona kutali ndi chimanga, ndipo timapaipi totsikira pansi tatikulunga ndi paipi yolimba ya mawaya a magetsi.

Matayala anayi ofanana adikira mpaka fodya atalowa pa msika wa ku Chinkhoma. Pakali pano a 215 awiri ndi sipeya wake sangakwane mbali zonse, ndiye lamulo kwa aliyense woyendetsa ndi lakuti H4 ndi ya pamatope pokha, pakangouma abweze. Ndawauzanso kuti mvula ikatha tisadzaiiwale. Mabuku a Toyota a galimoto zotere amati fowilo iziyendetsedwa makilomita 16 mwezi uliwonse kuti oyilo afike ponse, ndipo foloko yosuntha mwezi ndi mwezi ilibe mpata wogwira dzimbiri. Msewu wa fumbi wa kumunda ukwanira.

CV yapezeka pano pa boma, ya mano ofanana ndi yakale, tinachita kuwerenga. Amakaniko akuti ndibwere nayo galimoto Loweruka m'mamawa maminibasi asanadzaze, ndipo girizi ndigule wakuda uja wa CV, osati wa mabeyaringi. Akatsegula kumanja adzaonanso mpira wa kumanzere, chifukwa nawo wayamba ming'alu.